Maliro a Bambo Uhlensiek

Lachitatu, 9 Okutobala 2024

Bambo Uhlensiek atisiya. Chipinda 14.

Ndinalowa cha m'ma 7 ndi beseni la madzi ofunda ndi lezala, monga ndichitira Lachitatu lililonse. Ndinatsegula makatani, ndinawapatsa moni. Zii. Dzanja likadali lofunda.

Zaka 91. Palibe chodabwitsa, akutero onse. Fiona, manijala wa nyumba ya okalamba ino, anaimbira dokotala, kenako anandifunsa ngati ndingathe kumaliza shifiti. Ndinati inde. Agogo a m'chipinda 15 anali kudikira phala.

Dokotala atachoka ndinatenga madzi ena n'kuwameta ndithu. Sindikudziwa ngati n'zololedwa. Sindinafunse.

Zaka ziwiri ndi miyezi iwiri ndikuwasambitsa. Anzanga onse ankawatcha Mista Yu, ati dzina lenilenilo limapinda lilime. Ine anandiphunzitsa sabata yanga yoyamba, pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1: U-len-ziik. Ndiye anafunsa langa. Ndinati Dainess. Anati, "Limenelo ndi la pa baji. Lakwanu ndi liti?" Ndinati Nambewe. Kuchokera tsiku limenelo, m'mawa uliwonse: "Nambewe, kunja kukuti bwanji?"

London yense uyu, munthu wonditchula mfunda anali mmodzi. Mjeremani wophika buledi.

Mu basi ya 53 ndinakhala pamwamba, mpando wakutsogolo. Sindinalire. Ndinangoona kuti sopo wometera wandiumira pa chala.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kulongedza katundu wa m'chipinda 14. Masuti awiri. Wailesi. Chithunzi cha ukwati wawo ndi Margaret, amene anamwalira 2009. Ana analibe. Kathabwa kosemedwa kodindira mabisiketi, kakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Zonse zakwana m'makatoni awiri.

Pa fayilo yawo, pamene pamalembedwa wachibale, pali kamzere chabe.

Masana kunabwera Adrian wa ku khonsolo, mwamuna wofatsa wa jekete yonyowa. Ntchito yake ndi imeneyi: anthu omwalira opanda wowaika. Akuti afufuza abale kwa masabata angapo. Akapanda kupezeka, khonsolo iwaika yokha. Mwayi wake bambowa analemba kale kuti asadzawotchedwe. Koma manda ake ndi ogawana ndi anthu ena awiri kapena atatu, ndipo sipaikidwa chiliza. Dzina silidzalembedwa paliponse.

Ndinafunsa kuti kumandako kumakhala ndani. Anati, "Nthawi zambiri ine ndekha. M'busa akapezeka, ndiye tilipo awiri." Ananena mosadandaula, ngati akunena nthawi ya sitima.

Kwathu ku Nambuma ngakhale wamisala wa pamsika akafa, masamba amayalidwa pamsewu, wa njinga amatsika n'kukankha. Kuno munthu waphika buledi wa anthu a ku Plumstead zaka makumi anayi, akapita ndi Adrian.

Kapena vuto ndi langa. Ndimatenga zinthu za eni n'kuzisenza.

Lolemba, 14 Okutobala

Ofu. Mvula. Tsiku lonse mu layibulale ya ku Woolwich.

Digiri ya mbiri yakale ya ku Chanco, zaka zisanu ndi chimodzi kuphunzitsa Fomu 3 ndi 4. Lero ndi koyamba kuigwiritsa ntchito chifikire kuno. Manja anakumbuka okha: kope, deti pamwamba, gwero la mfundo iliyonse m'mphepete.

Pali tsamba la pa intaneti limene ukalemba dzina la Chijeremani limakuonetsa mapu, ndi timadontho pamene pali anthu a dzinalo. Ndinayamba ndayesa mayina awo otchuka, mapu onse kufiira ngati chikuku. Ndiye ndinalemba Uhlensiek. Ndinayesa kompyuta yafa. Mapu oyera. Nditakulitsa ndinaona timadontho tochepa, taunjikana pamalo amodzi, dera lotchedwa Lippe. Anthu 43. Tsamba lina likuti ku England kuno alipo mmodzi. Silinamve kuti wamwalira.

Tanthauzo ndalipeza m'buku la mayina. Ndi mawu awiri a chiyankhulo chakale cha m'midzi ya kumpoto kwawoko. Uhle ndi kadzidzi. Siek ndi kachigwa konyowa, kokhala ndi kamtsinje pakati. Dambo basi. Dambo la akadzidzi. Amayi akanamva akanalavula katatu. Ine ndinaseka ndekha mpaka mnyamata wa pa kompyuta ina anacheuka. Zaka ziwiri ndikuitana kadzidzi m'mawa uliwonse, ndili ndi thawulo paphewa.

Kenako, mwachibwana, ndinalemba Mbewe pa tsamba la dziko lonse. Malawi, Zambia, Mozambique, manambala oti sungawerenge.

Ndakumbukira 2014, atanditumiza kukaphunzitsa ku Chikwawa kumene sindinkadziwa munthu. Kalaliki wa pasukulu atamva kuti ndine Nambewe anaimirira: "Ndiye ndiwe mlongo wangatu." Madzulo omwewo akazi awo anabwera ndi mphasa, mbaula ndi poto. Sanafunse kuti agogo anga anali yani. Mfunda unakwana.

Ndiye anthu 43? Si fuko limenelo, ndi banja limodzi. Sangadzaze n'komwe bwalo la siwa. Sikuti akana m'bale wawo. Sanamve. Palibe amene wapita kukanena maliro.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndalemba makalata asanu ndi anayi. Ma adiresi ndawapeza m'buku la matelefoni la kwawoko. Ena onse mwina ndi ana, kapena sanalembetse.

Ndalemba monga tinenera uthenga wa zovuta kwathu. Kuyamba ndi kupepesa. Kudzitchula, kutchula kumene ndikugwira ntchito. Kenako nkhani: m'bale wanu Reinhold, amene anabwera ku England mu 1957, watisiya. Sanasiye mwana kapena wina aliyense. Katundu wake wochepa akusungidwa. Ine ndine mlendo wochokera ku Malawi, ndilibe mphamvu pa nkhaniyi, mphamvu ili ndi inu a dzina lake. Chonde ndiyankheni msanga nthawi isanathe.

Chingelezi pamwamba, Chijeremani cha pa foni m'munsi. Maenvelopu ndalemba pamanja kuti aone kuti ndi munthu. Dzina lija kasanu ndi kanayi, dzanja mpaka linazolowera.

Fiona sindinamuuze. Kunena maliro sikupemphedwa chilolezo.

Nditaponya m'bokosi lofiira la pa Powis Street ndinamva kupepuka. Ndinagula mapeyala awiri pamsika. Onse osapsa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Mwezi wachisanu ndi chiwiri tsopano.

Ndimadziuza kuti ndi mashifiti. Si mashifiti. Ndi mafunso a pa tiyi mapemphero akatha. Munali mphunzitsi? Ndiye panopa mukutani? Kumudzi mupita liti? Ndipo amayi a Chimalawi aja akayamba kuimba, ndimaona foni ija.

Novembala 2022. Ndili ndi miyezi itatu yokha pa ntchito, mapepala atsopano, tchuthi palibe. Amayi anaikidwa ine ndili m'kachipinda kosungira matawulo, foni m'manja, mng'ono wanga akundionetsa. Ndinaona miyendo ya anthu, fumbi, ngodya ya bokosi. Pamene adzukulu ankatsitsa, netiweki inaima. Chithunzi chinauma pa nsana wa munthu wa malaya obiriwira. Itabwerera anali akuyala nkhata.

Sindinaponye dothi. Mpaka lero sindikudziwa kuti wa malaya obiriwira anali ndani.

Chipinda chino chili pamwamba pa shopu ya mafoni. Zenera limayang'ana khoma. Ndachapa, ndasita yunifolomu zonse zitatu. Ndayankhula mawu angati lero? "Pepani," pa masitepe, kwa munthu wina, pomwe wondiponda anali iyeyo.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Masiku khumi ndi awiri. Palibe yankho. Ndimatsika kukaona pa khomo m'mawa ndi madzulo. Mapepala a pitsa, kalata ya munthu amene anasamuka kale.

Adrian waimba ku ofesi. Kufufuza kwawo kwatha, sanapeze aliyense. Tsiku ndi Lachinayi pa 14 Novembala, hafu pasiti 9 m'mawa. Nthawi imene mabanja saifuna.

M'chipinda 14 mwalowa kale mayi wina. Makatani asintha. M'mawa ndinagogoda n'kuyamba kunena "U-" ndisanadzigwire.

Mwina Chijeremani cha pa foni chinatuluka chopanda ulemu. Mwina akukambirana kaye, asankhe woti abwere. Kwathunso uthenga ukafika sayankha mwana, amadikira mwini mbumba.

Lachisanu, 1 Novembala

Yankho labwera, koma osati kwa ine.

Lushomo, mnzanga wa ku Zambia wa shifiti imodzi, anandipeza ndikukankha tirole ya tiyi. "Iwe Dainess, ba Fiona bakufuna. Wachita chani? Nkhope yao siili bwino."

Pa tebulo la Fiona panali kalata yanga, yojambulidwa, yotumizidwa pa imelo. Bambo wina wa ku Bielefeld, mmodzi mwa asanu ndi anayi aja, anaimba dzulo. Amayi ake a zaka 80 analandiranso ina, anachita mantha. Iye akufuna kudziwa ngati nyumba ino ikudziwa kuti wina akugwiritsa ntchito dzina lake pobera nkhalamba. Akuti anatsala pang'ono kupita kupolisi.

Kubera. Sindinamve msanga. Fiona anachita kundiwerengera kalata yanga yomwe, mawu amodziamodzi. Munthu wa dzina lanu wafa kunja. Alibe mwana. Katundu akusungidwa. Ndine wa ku Africa. Yankhani msanga.



Fiona sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati akudziwa kuti ndinali ndi mtima wabwino, koma za anthu okhala muno sizituluka pakhomo popanda chilolezo, amoyo kaya akufa. Chenjezo lolembedwa, likhala mu fayilo miyezi khumi ndi iwiri. Ndinasayina. Tonse awiri tikudziwa kuti viza yanga yamangiriridwa pa fayilo imeneyo. Palibe anatchula.

Lushomo anali kundidikira ku malo ochapira. Nditamuuza anaseka mpaka anakhala pa dengu la zovala. "Mwana, na digiri yonse ija! Sunaionepo kalata ya so? Bululu wanu afa, alibe bana, tumizani chabe tundalama twa loya!" Ataona nkhope yanga analeka. Anandipatsa theka la sangweji yake.

Mphunzitsi wa mbiri yakale. Ndinawerenga za dzina la eni mpaka zaka mazana atatu m'mbuyo, osadzifunsa kamodzi kuti envelopu yanga ikaoneka bwanji m'manja mwawo.

Loweruka, 2 Novembala

Sindinatuluke. Kope lija ndaliika pansi pa sutikesi.

Anthu asanu ndi anayi ku Jeremani akudziwa dzina langa ngati la wakuba.

Lachitatu, 6 Novembala

Envelopu yabuluu pa masitepe, yopondedwa ngodya. Sitampa ya ku Jeremani. Ndinakwera nayo mpaka m'chipinda, ndinavula nsapato, ndinaika ketulo, ndisanaitsegule. Mantha.

Masamba atatu, zolemba zopendekera, Chingelezi cha kusukulu. Irmgard Uhlensiek, zaka 84, wa m'mudzi wina pafupi ndi Lemgo. Naye anali mphunzitsi. Akuti mwana wawo anawauza kuti ang'ambe kalata yanga, koma iwo anayang'ana envelopu n'kunena kuti wakuba salemba dzina lovuta chonchi mosamala chotere.

Apa ndinaima kaye.

Kenako nkhani imene sindinaifune. Akuti Uhlensiek poyamba silinali dzina la anthu. Linali la malo: nyumba imodzi ndi munda wake m'mphepete mwa dambo lija. Kalelo kwawoko dzina linkakhala pa nyumba. Mwamuna akakwatira mwana wamkazi wa pamenepo n'kudzakhala pa mundapo, ankasiya dzina la bambo ake n'kutenga la nyumbayo. Chikamwini chenicheni, koma chofika mpaka pa dzina. Banja likatha, kapena likagulitsa, obwerawo ankatenganso dzina lomwelo ngakhale panalibe ubale. M'buku la tchalitchi chawo, limene iwo aliwerenga kwa zaka zambiri, muli mabanja atatu osiyana amene anakhalapo motsatizana. Onse a Uhlensiek. Magazi atatu.

Anamufufuza Reinhold. Anamupeza, ubatizo wa 1933. Ndi wa banja lachiwiri, limene linachoka pa mundapo kalekale n'kupita m'tauni. Iye ndiye anali womaliza. Mayi Irmgard ndi a banja lachitatu. "Choncho, mayi wokondedwa, sindine m'bale wake. Palibe mwa ife amene ali m'bale wake. Dzina linali la aliyense amene ankasamala malowo pa nthawi yake."

Sangabwere. Chiuno chikuwavuta, ndipo sanakwerepo ndege. Koma akupempha ndiwauze tsiku ndi ola. Zenera la khitchini yawo limayang'ana ku dambolo. Akuti akadzidzi kulibenso, kuli msipu ndi mapolo a magetsi, koma mvula ikagwa madzi amaimabe pomwe paja. Adzaima pa zenerapo.

Ndiye basi. Anthu 43 amene ndinawasandutsa banja m'mutu mwanga, si banja. Ndinanyamula mfunda wakwathu n'kukauveka anthu a eni.

Ndawayankha pa kapepala: 14 Novembala, kwanuko ikhala hafu pasiti 10. Za tsiku la maliro a khonsolo si chinsinsi, ndinafunsa Adrian kaye. Ndaphunzira.

Loweruka, 9 Novembala

Ndinapita kumsika kukagula tomato, ndinakumana ndi Anti Rabecca. Anamwino aja a kutchalitchi, akhala kuno zaka makumi awiri ndi zisanu, amene anandilandira pa siteshoni tsiku loyamba. Ndinawaona mochedwa, pothawira panalibe.

"Nambewe iwe! Tinkayesa anakutenga a Home Ofesi, a maviza aja. Foni yako imangolandira, siyankha?"

Anandikokera mu kafe ya pakona, matumba awo a nsomba pansi pa tebulo. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinanena zonse. Lezala, mapu, makalata, chenjezo, mayi Irmgard. Pa nkhani ya makalata anaseka ngati Lushomo, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sikafu. Ndinawasiya aseke.

Ndinamaliza ndi kuti ndalephera, wachibale palibe, apita okha.

Anati, "Komatu iwe sukuluyi inakuwononga. Kwanu ku Dowa amaika maliro ndi abale? Wachibale amagwira khasu kumanda? Amene anasambitsa mayi ako, amene anakumba, amene anatsitsa, anali a Mbewe?"

Sanali. Sangakhale. Anamfedwa amakhala pansi n'kulira. Oika ndi adzukulu, anthu a mbali ina, opanda magazi.

"Wamusambitsa zaka ziwiri, wamumeta atafa. Ndiwe mdzukulu iwe, ukufunanso ndani? Chako n'kuitana anzako. Koma kuitanako ndiye sumatha."

Ndinati anthu a pagulu lathu la pa WhatsApp sakumudziwa, ndi mzungu, ndipo ine ndakhala chete miyezi isanu ndi iwiri. Ndiyamba bwanji, ndi pempho?

Anati, "Uyamba ndi moni, ngati munthu." Ananyamula nsomba zawo. Tiyi analipira ndi iwo, ndinachita manyazi.

Tomato ndinaiwala.

Lachiwiri, 12 Novembala

Masiku atatu ndikulemba ndi kufufuta. Uthenga wa mizere isanu. Makalata a ku Jeremani sanandivute chonchi.

Ndatumiza pa nthawi yopuma, ndili chiimire pafupi ndi makina ochapira, kuti ndisaganizenso. Moni kwa onse, pepani ndinasowa. Kwagwa zovuta kuntchito kwanga. Gogo wina amene ndinkamusamala aikidwa Lachinayi hafu pasiti 9, alibe aliyense. Si Mmalawi. Sipakufunika chopereka, pakufunika anthu. Pansi ndinayamba ndalemba Dainess, ndinafufuta, ndinalemba Nambewe.

Pagulupo pali anthu 112. Pofika madzulo anali atawerenga 70. Timanja topemphera tisanu ndi kamodzi. Mmodzi: "Mzimu wawo uuse mumtendere." Kenako wina anaika chithunzi cha mbuzi yogulitsa ya Khirisimasi, nkhani inapita kumeneko.

Sindikuwada. Lachinayi m'mawa aliyense ali pa shifiti kapena akuchokera ku shifiti. Anti Rabecca nawo sanalembe kanthu.

Fiona wandipatsa maola atatu. Anandipatsanso kathabwa ka mabisiketi kaja, ati khonsolo yati katayidwe kapena kaperekedwe. Ndasita chitenje chakuda chija ndinagula chifukwa cha amayi, chimene sindinachivalepo.

Ngati ndikhale ndekha ndi Adrian, tikhala awiri. N'kuposa mmodzi. Ndikudziuza zimenezi.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndinafika 9 koloko isanakwane. Manda a pamtunda, udzu wonyowa, mphepo yolowa m'mafupa. Chitenje pamwamba pa thalauzi, jasi pamwamba pa chitenje. Pa geti palibe munthu.

Kota pasiti, Adrian. Anadabwa kundiona, anandigwira dzanja ndi manja awiri. M'busa sanapezeke.

Galimoto ya bokosi itangolowa, ndinamva kuitana kumbuyo. Anti Rabecca akutsika basi, mpango kumutu, yunifolomu ikuonekera m'munsi mwa jasi. Kumbuyo kwawo Lushomo, amene anandiuza dzulo kuti ofu yake ndi yogona. "Nabwela chabe kuona ngati ba ku Jeremani bafika," anatero, n'kundikola mkono.

Ndiye panali bambo wina ataima patali pang'ono, wamtali, wa imvi, jekete ya alonda a pa bwalo la mpira, chipewa m'manja. Ndinayesa ndi wa kumanda konko. Anayandikira n'kufunsa m'Chichewa, "Pepani, a Nambewe ndi ati apa?"

Biswick Mbewe, kwawo ku Mchinji. Amakhala ku Wembley. Sitinaonanepo, pagulupo salembapo kanthu. Sitima ziwiri ndi basi, ola ndi theka. Anati, "Ndinaona kuti mlongo wanga ali ndi zovuta. Ndinawauza akunyumba kuti kaya womwalirayo ndi ndani, tikamva komweko."

 Anti Rabecca anayankha m'malo mwanga.

Mwambo wake ndi waufupi. Anthu anayi a kampani ya maliro anatsitsa ndi malamba. Adrian anawerenga dzina pa pepala, linamupinda lilime, anandiyang'ana. Ndinalitchula ine, mokweza, monga anandiphunzitsira mwini wake. Ndinanenanso tanthauzo lake, ndi kuti anali wophika buledi, ndi kuti pa ola lomwelo mayi wina wa dzina lomwelo, amene si m'bale wake, waima pa zenera ku Jeremani. Anti Rabecca anayambitsa nyimbo. Anthu anayi, mawu atatu, Lushomo akutsatira m'chinenero chakwawo. Inamveka yopyapyala pa mphepo. Tinaimaliza ndime zonse.

Titatha, a kumandawo anayamba kutiperekeza ndi maso, kathirakitala kokwirira kakudikira kuseri kwa mitengo. A Mbewe anapita kwa mkulu wawo n'kupempha fosholo. Mkuluyo anati sizichitika kawirikawiri. A Mbewe anangoima, dzanja lili chitambasulire. Anawapatsa.

A Mbewe anavula jekete, anaponya mafosholo khumi kapena kuposa. Kenako anatembenuka n'kundipatsa ine. Kwathu mkazi sagwira fosholo kumanda. Ndinayang'ana Anti Rabecca. Anati, "Kuno ndi ku London, adzukulu ndi omwe alipo. Ponya."

Dothi la kuno ndi lolemera, lomata. Linagwa pa bokosi ndi mawu amene sindinawamve zaka ziwiri zapitazo, netiweki itaima. Ndinaponya kachiwiri. Kachitatu sindinaone pamene linagwera. Anandilanda fosholo ndi Lushomo.

Adrian analemba m'kabuku kake chiwerengero cha obwera. Anafunsa kuti alembe kuti ndife ndani kwa malemuwo. A Mbewe anati iwo ndi achimwene anga. Adrian anayang'ana ine, anayang'ana bokosi, sanafunsenso. Sindikudziwa chimene analemba.

12 koloko ndinali nditabwerera, ndikudyetsa agogo a m'chipinda 15. Dothi m'zikhadabo.

Lamulungu, 17 Novembala

Ndalembera mayi Irmgard. Ndawauza kuti tinali asanu, ndi iwo asanu ndi mmodzi. Kathabwa kaja ndinafuna kuwatumizira, kenako ndinakumbukira mawu awo omwe, kuti zinthu zinkakhala za amene akusamala. Kali pa zenera langa, koyang'ana khoma.

Ndinatsegulanso tsamba lija pa foni. Ku England likunenabe kuti alipo mmodzi. Lidzamva liti, kaya. Sindikalikonza ine.

Kutchalitchi sindinapite. Ndinavala, ndinafika pa masitepe, ndinabwerera. Anti Rabecca atumiza uthenga wa mawu awiri: "Takusowa, mdzukulu." Si zonse zimene zimatha ndi fosholo imodzi.

A Mbewe anatenga nambala yanga kumanda kuja. Anati akazi awo, a Glory, adzaimba, chifukwa mlongo sangakhale ku Woolwich ngati alibe kwawo. Ndinayesa ndi mawu a pamaliro, onena n'kuiwala.

Foni yalira kawiri chiyambire kulemba tsamba lino. Nambala yosasungidwa. Ndangoiyang'ana mpaka yasiya. Ndikayankha adzati bwera Loweruka, ndipo kudzakhala mafunso aja, munali mphunzitsi, mupita liti kumudzi. Sindikudziwa ngati ndingathe. Sindikudziwanso kuti ku Wembley amakwera sitima iti kuchokera kuno, kapena kuti mlamu amamutengera chiyani munthu ukamapita koyamba, shuga kapena

Ikuliranso.